Gusheshe isanavale penti yatsopano

Galimoto yakale ikalowa m'galaja ya mmisiri wina wa ku Malawi amene amawongola magalimoto ku KwaThema, chida choyamba kuikhudza ndi kamaginito kokutidwa m'kansalu. Bambowa, omwe adaphunzira ntchitoyi ku Ndirande, amayendetsa kamaginitoko pazitseko, pamadigadi ndi kuzungulira buti. Pomwe kakumata pali chitsulo. Pomwe kakugwa, ndiye kuti wina adapakapo fila wochindikala kubisa chiphwanya kapena dzimbiri, nkupopera penti pamwamba mwini galimoto osadziwa.

KwaThema ndi tauni ya anthu akuda yomwe idakhazikitsidwa mu 1951 pafupi ndi Springs ku Gauteng, ndipo monga m'matauni ena a kuno, galimoto yomwe anyamata amaiimira pamsewu ndi BMW ya mtundu wa E30, yomwe amaitcha gusheshe. Yotchuka koposa ndi 325iS, yomwe idatuluka mufakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mu 1990 ndi injini ya malita 2.7. Zambiri zidadutsa m'masewera ozungulitsa galimoto mpaka matayala kufuka utsi, ndipo zidagundapo zipupa kangapo. N'chifukwa chake mmisiriyu sakhulupirira penti yonyezimira. Ngakhale maginito amasocheretsa nthawi zina, poti ma 325iS oyambirira anali ndi zigawo zina za aluminiyamu, zomwe maginito samatako.

Akatha kufufuza amachotsa magalasi, mphira, nyali ndi mabampala. Kumata mapepala mozungulira mphira n'kosavuta, koma dzimbiri limakonda kubisala pansi pa mphira yomweyo, makamaka m'munsi mwa galasi lakutsogolo, komanso pokwezera jeke ndi pokhala batire. Mphepo youma ya ku Gauteng imasunga chitsulo bwino kusiyana ndi ya mchere ya ku Durban, kotero iwo amafunsa kaye komwe galimoto idakulira. Vuto la kuno ndi matalala a m'dzinja, omwe amasiya denga ndi boneti zili tikamphakampha.

Kenako kupala. Sandipepa wa nambala 80 amafika pachitsulo chenicheni, ndipo apa ndi pomwe mwini galimoto amagwira pakamwa, akaona mabowo omwe adagula osadziwa. Chitsulo chodyeka bambowa amachidula, nkuwotcherera chigamba pang'onopang'ono, kadontho apa kadontho uko, chifukwa moto ukachuluka pamalo amodzi chitseko chimapindika. Zophwanyika amaziwongola ndi nyundo, kuseri atagwiriziza kachitsulo kolemera. Fila samukana, koma safuna apitirire mamilimita atatu. Wochindikala kuposa apo amang'aluka dzuwa likamuwomba, ndipo ming'aluyo imatulukira pamwamba pa penti yodula.

Chitsulo chopalidwa sichigona usiku chili pamtunda. Tsiku lomwelo amachipukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta, nkuchiphimba ndi pulaima wa epoxy kuti chinyontho chisalowe. Dzanja la thukuta lokha ndi lokwanira kuyambitsa dzimbiri.

Gawo lotopetsa limatenga masabata. Akapopera pulaima wokhuthala, amawaza kautoto kakuda pamwamba, nkuyamba kupala ndi sandipepa wokulungidwa pathabwa lalitali, osati ndi zala, popeza zala zimatsatira chigwa m'malo mochisalaza. Pomwe kautotoko katsalira ndiye pali polowa. Amayamba ndi nambala 180, nkubwera 320, mpaka 600. E30 ili ndi mizere yowongoka kuchokera kunyali yakutsogolo kukafika kumbuyo, ndipo mzere ukakhota pang'ono, aliyense woima pasiteji ya taxi amaona. Anyamata ophunzira ntchito ambiri amathawira pamenepa. Amabwera akulota mfuti yopopera penti, nkupeza kuti akhala mwezi wathunthu ali mbuu ndi fumbi.

Mdani wina ndi polishi wa silicone amene otsuka magalimoto amapaka pamatayala. Kakafika pabodi kochepa chabe, penti imathawa pamalopo nkusiya timaenje, kotero m'galajamo saloledwa.

Tsiku lopopera amalisankha poyang'ana nyengo. M'mawa wa June ndi July kuno kumazizira mpaka madzi kuuma, pomwe penti ya 2K yomwe amapopera imauma bwino kutentha kukafika madigiri 20. Mu August mphepo imanyamula fumbi la milu ya dothi yomwe migodi ya golide idasiya ku East Rand, dera lomwe kuli KwaThema. Bambowa amathira madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, amavala chophimba kumphuno chifukwa mankhwala oumitsa pentiyo amaononga mapapo, ndipo kasitomala wofulumira amamuuza adikire mphepo ileke.