Kabati ya mphunzitsi amene wachoka

Falls Estate,
Lilongwe.

Wokondedwa mphwanga,

Atsibweni ako alandira uthenga umene unatumiza kudzera mwa mayi ako, ndipo pakhomo pano panamveka nthungululu. Wamaliza maphunziro ku Nalikule, boma lakutumiza ku sekondale ya kuno ku Old Town, ndipo Lolemba likudzali ukagwira choko. Koma mayi ako akuti mtima wako uli m'mwamba poti ukufika pa sukulu imene yagwedezeka. Ahedi asamutsidwa, aphunzitsi awiri apuma pa ntchito atakwanitsa zaka 60, ndipo wa masamu amene ukukalowa m'malo mwake wapeza ntchito ina ku City Centre. Munthu amene anapuma fumbi la choko zaka zoposa 30 sangamve zotere n'kukhala chete.

Choyamba, zimenezi zisakudzidzimutse. Aphunzitsi a sekondale za boma amalembedwa ntchito ndi kukwezedwa ndi Teaching Service Commission, ndipo makalata owasamutsa amachokera ku unduna ku Capital Hill kapena ku ofesi ya chigawo cha maphunziro cha Central West, imene imayang'anira Lilongwe, Mchinji, Dedza ndi Ntcheu. Kalata yotere siyang'ana kuti silabasi yafika pati. Mumzinda muno muli ndi zake zinanso. Chichokereni likulu ku Zomba m'chaka cha 1975, Lilongwe ndi mzinda wa anthu obwera ndi kupita. Mphunzitsi amafika potsatira banja, mwamuna kapena mkazi wake akasamutsidwa nayenso amalongedza. Wodziwa masamu kapena sayansi sachedwa kukodoledwa ndi mabungwe, mabanki ndi sukulu zoyima pazokha. Si zachilendo kuti mwana adutse m'manja mwa aphunzitsi atatu a phunziro limodzi asanafike Fomu 4.

Iwe amene ndiwe chipatso cha njala ya aphunzitsi imeneyi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Khamu limenelo linafuna malo ku sekondale, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo a MCDE anasandutsidwa ma CDSS, ambiri ophunzitsa ali a ku pulayimale. Domasi ndi Chancellor College sakanakwanitsa paokha kusula aphunzitsi okwanira. Koleji yako ya Nalikule, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutsegulidwa mu 2017, inabwera kudzatseka mpata womwewo.

Tsono pamene mphunzitsi achoka, chimene chimapita naye n'chiyani? Silabasi imatsala, mabuku amatsala, bolodi ili pomwepo. Chimapita ndi chimene iye ankadziwa za ana.

Atsibweni ako anaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Chaka chimene anasamutsidwira ku Lilongwe kuchokera ku sukulu ya kumudzi, anapatsidwa kalasi ya mayi wina amene anali atangopuma kumene. Pakona ya stafurumu panali kabati yachitsulo yokhoma, ndipo kiyi wake anali ndi mlonda. Mlondayo anawauza kangapo kuti, "Aphunzitsi, amayi aja anati mudzatsegule." Iwo ankangoti mawa. Anali ndi dipuloma yawo, manotsi awo, ndi mtima woti adzaonetse anthu a m'tauni kaphunzitsidwe.

M'kalasimo munali mtsikana wina amene tsiku ndi tsiku ankalowa piriyodi yoyamba ili pakati. Atsibweni ako anamupatsa chikwakwa sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mwanayo ankatchetcha osayankha kanthu, anzake akuphunzira masamu. Teremu ikupita kumapeto anasiya kubwera.

Ndi pa holide pamene kabati ija inatsegulidwa, kufuna mapepala akale a mayeso. Pamwamba pa masikimu ndi marekodi panali kope wachikuto chofiira. Mayi uja anali atalemba dzina la mwana aliyense, ndi mizere iwiri kapena itatu pansi pake. Uyu sawona bwino, azikhala kutsogolo. Uyu amachita chibwibwi, musamuwerengetse mokweza, koma polemba ndi katswiri. Pa dzina la mtsikana uja panalembedwa kuti amakhala ndi agogo ake ku Mchesi, m'mamawa amayamba wakasiya beseni la mandasi ku depoti, ndipo analoledwa kumafika mochedwa chifukwa masamu amabwera kudzawafunsa pa buleki. Atsibweni ako anayenda wapansi mpaka ku Mchesi, kufunsa khomo ndi khomo, ndipo anakapepesa kwa gogoyo atakhala pa mkeka. Mwanayo anabwerera, koma anabwereza kalasi. Chaka chathunthu chinatayika chifukwa cha kiyi amene anali m'thumba la mlonda.

Choncho Lolemba, usanalembe ngakhale deti pa bolodi, funsa kwa mkulu wa dipatimenti masikimu ndi marekodi a mnzako amene wachoka. Ona pamene analekezera, osati pamene buku likunena kuti akanayenera kufika. Pempha nambala yake, umuimbire. City Centre si kutali, ndipo palibe mphunzitsi amene amakana kukamba za ana ake akale. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, koma ayambe wafunsa kuti mutu umene akufuna kumetawo uli ndi zilonda pati.

Udziwenso kumene ana ako amachokera. Sukulu yako ili pakati pa tauni, pafupi ndi nyumba zamipanda za ku Area 3 ndi Area 9, koma ana ambiri a m'nyumba zimenezo sudzawaona m'kalasi mwako. Amapita ku sukulu zolipira zambiri monga Bishop Mackenzie ku Area 3, imene inayamba mu 1944 ngati sukulu ya ana a azungu ndipo lero imaphunzitsa maphunziro a mayiko akunja. Ako ndi a ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chinsapo, Area 36 ndi Mtandire. Ena amatsika minibasi ku depoti n'kudzipanikiza m'chipwirikiti cha mu Malangalanga, ena amakwera kabaza, ambiri amayenda wapansi. Ena ndi ana a alonda ndi ogwira ntchito zapakhomo, okhala ku nyumba yakuseri m'mipanda momwemo. Mwana wotere adiresi yake ndi ya kumayadi, koma kandulo wowerengera amachita kupempha. Usaweruze mwana poona dera limene walemba pa fomu.

Tikambe za zipatso, poti ahedi atsopano adzafika ndi mawu amenewa pakamwa. Tsiku limene MANEB yatulutsa zotsatira za MSCE, pa sukulu pamakhala ngati pamsika. Maina amamatidwa pa bolodi, makolo amaimika magalimoto ndi njinga pageti, ndipo funso limakhala limodzi: wapeza mapointi angati? Amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, giredi 1 ndiye yapamwamba, 9 ndiye kulephera, ndipo wa mapointi 6 dzina lake limamveka pa wailesi. Sukulu ikatulutsa mwana wotere isangalale ndithu. Koma m'kalasi ya ana ochuluka, chiyeso cha mphunzitsi ndicho kuphunzitsa mabenchi awiri akutsogolo n'kuwasiya ena onse ngati operekeza. Pamene satifiketi imafuna kuti mwana akhoze maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, mwana amene wamuchotsa pa 9 n'kumufikitsa pa 7 ukhoza kukhala kuti wamupatsa pepala limene akanalisowa moyo wake wonse. Ameneyo sadzajambulidwa m'nyuzipepala, koma adzakuimitsa pa Bwalo la Njovu patapita zaka khumi, iwe utamuiwala nkhope.

Ukumbukire chaka cha 2020, pamene iwe unali usanaganize n'komwe za uphunzitsi. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo a Fomu 4 anabwerera m'kalasi mu Sepitembala. Atangoyamba kulemba, zinadziwika kuti mapepala ena anali atabooka kale ndipo akuyenda pa WhatsApp. Nduna ya maphunziro ya nthawiyo Agnes NyaLonje inalengeza mu Novembala kuti mayeso onse athetsedwa, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Zotsatira zitatuluka, okhoza anali pafupifupi 41 pa 100 aliwonse. Pofika 2022 chiwerengerocho chinakwera kufika pa 58. Ana a 2020 sanali ogona kuposa a 2022. Anasowa aphunzitsi miyezi isanu, kenaka akuluakulu osakhulupirika anawabera thukuta lawo. Ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwanso kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera. Nthawi iliyonse imene ulusi pakati pa mwana ndi mphunzitsi waduka, zimakaonekera pa bolodi la zotsatira. Za likasa ndiye atsibweni ako sanena zambiri: tsiku limene udzapatsidwe kuyang'anira mayeso, foni ya kholo lililonse usayankhe.

Sukulu sithera m'kalasi. Mu stafurumu mudzakhala kope wa welofeya, ndipo mwezi uliwonse msungichuma adzakupeza. Sonkha osanyinyirika, ngakhale malipiro ako oyamba atachedwa monga zimachitikira kwa olembedwa kumene. Ndalama imeneyo ndi imene imagula shuga wa tiyi wa pa buleki, mphatso ya wopuma pa ntchito, ndi chipepeso pa maliro. Mnzako akaferedwa, kwera nawo lole. Pa mwambo wotsanzikana ndi aphunzitsi awiri apumawo usakhale kumbuyo ngati mlendo. Nyamula mipando, gawa zakumwa, kenaka ukhale pafupi nawo uwafunse za ana a Fomu 3. Adzakuuza m'ola limodzi zimene ukanazitulukira m'chaka chathunthu.

Anthu amene sasamutsidwa uwalemekeze mwapadera: mlonda, kalaliki, wosamalira laibulale, wothandiza mu labu, ndi amayi ogulitsa zitumbuwa ndi chinangwa kunja kwa mpanda. Ahedi angasinthe kanayi iwo ali pomwepo. Amadziwa mwana amene wayamba kuthawira ku mavidiyo, amene akugulitsa zovala za kaunjika ku Tsoka nthawi ya sukulu, ndi amene wagona ndi njala. A komiti ya makolo ndi aphunzitsi nawonso si adani ako, ngakhale misonkhano yawo imatentha ikafika pa ndalama za chitukuko. Ndipo pamene mtsikana wasowa m'kalasi, amayi a m'dera lake ndi amene amadziwa khomo. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anachoka chifukwa cha pakati kubwerera ku sukulu akabereka. Ndondomeko ili pa pepala, koma amene amachititsa kuti mwanayo alimbe mtima kukhalanso pa desiki ndi mphunzitsi wa kalasi, ndi mmene wamulandirira tsiku loyamba.

Tenga kalabu imodzi. Mnzako wachokayo ayenera kuti wasiya ina yamasiye, chifukwa kalabu imafa msanga kuposa phunziro: masamu ahedi adzawapezera munthu, koma kwaya, SCOM, YCS, gulu la zisudzo za ATEM kapena la zachilengedwe limangozilala popanda wolemba lipoti. Uli ndi mwayi poti zonse zili pafupi. Lilongwe Wildlife Centre ili pa msewu wa Kenyatta pakati pa Old Town ndi City Centre, laibulale yaikulu ili ku City Centre, bwalo la Civo lili ku Area 9. Alipo ana obadwira mumzinda muno amene nyumba ya malamulo amangoiona pa kanema. Ukawatenga ulendo umodzi wokha, ngakhale wapansi, udzaona mwana wosayankhula m'kalasi akusanduka mtsogoleri pa msewu.

Pali maenje atatu amene atsibweni ako anaona anzawo akugweramo. Loyamba ndi magulu. Ahedi akasintha, stafurumu imagawika: ena amalira wakale, ena amathamangira kukaonekera kwa watsopano atanyamula nkhani za anzawo. Iwe sunadye nawo za kale, choncho ulibe mbali. Pereka moni kwa onse, ndipo mu ofesi ya ahedi uzilowa ndi mapepala a ntchito basi. Lachiwiri ndi ndalama za open. Makalasi a masana amathandiza anthu ambiri amene sanasankhidwe, ndipo kandalama kake kamafikitsa munthu kumapeto a mwezi m'tauni yodula ngati ino. Koma mphunzitsi amene amasunga mphamvu zake m'mawa kuti akazitulutse masana, kapena amene amasiya dala mutu wovuta kuti ana akaulipirire padera, ana amamudziwa ndipo amamupatsa dzina. Lachitatu ulidziwa kale. Ndiwe mnyamata, ndipo atsikana ena a Fomu 4 ukusiyana nawo zaka zochepa. Mwana wa sukulu asadziwe mkati mwa nyumba yako, usamutume kukakuphikira kapena kukakuchapira, ndipo wofuna thandizo umuthandizire mu stafurumu chitseko chili chotsegula. Amene anaphonya apa anataya ntchito, ndipo ana amene anawawonongera tsogolo sanalipeze lina.

Za nyumba usavutike nazo mwezi uno. Akazi awo a atsibweni ako akonza kale chipinda chakumbuyo, ndipo kuchokera ku Falls kuno ukhoza kuyenda wapansi mpaka udzalandire malipiro oyamba. Jekete la atsibweni ako lotuwa lija lachapidwa. Manja ake ndi aatali pang'ono, telala wa pa msika alipinda. Ufike Loweruka dzuwa lisanalowe, ndipo mayi ako akakupatsa ufa usaukane. Kope wofiira uja akadalipo m'sutikesi, ngakhale njenjete zadya pachikuto. Udzamuone usiku umenewo, kenaka Lamulungu pochokera ku tchalitchi mudzadutsire limodzi ku msika ukagule wako.

Onse kuno akupereka moni.

Atsibweni ako.