Mbewu ya m'mpango

Gulu lathu la alimi litandisankha kuti ndikaliimire ku msonkhano wa ulimi wosadalira mankhwala ku Tete, amayi sanafunse n'komwe za msonkhanowo. Anangoti, "Ukamwe madzi ambiri, kumeneko dzuwa limaphika munthu." Sananame. Chapa ya ku Ulongwe isanawoloke mlatho wa Zambezi, jekete yanga ya kuno kumapiri inali kale m'khwapa.

Masiku atatu tinakhala m'chipinda chozizira cha hotela. Olankhula anali anthu ophunzira, ndipo sindikuwanyoza. Ankayankhula Chipwitikizi, mawu akuti agroecologia akubwerabwera, womasulira akuwathamangira pambuyo. Anatikumbutsa kuti mu 2008 alimi ang'onoang'ono a m'mayiko ambiri, a La Via Campesina, anasonkhana ku Maputo, olandira alendo ali a UNAC. Kenako anaonetsa zithunzi pakhoma: chimanga chosakaniza ndi nyemba, maungu akuyanga pansi, nandolo m'mbali, ndi mtengo wa msangu womwe umayoyola masamba m'dzinja, mbewu n'kupeza dzuwa ndi chonde. Ndinaseka chamumtima. Umenewu ndi munda wa amayi, womwe ine ndakhala ndikuunena kuti ngwachikale.

Tsiku lachiwiri ndinaimika dzanja. Ndinati ife ndalama yathu ili mu mbatata ya kachewere, ndipo chiwawu chikalowa nthawi ya mvumbi, wosapopera amakolola misozi. Ndinati khola limodzi la mbuzi silikwanira ngakhale theka la munda, komanso wosenza manyowawo pamutu ndi mkazi wanga. Nanga wogula pa msika wa pamalire amawonjezerapo kangati poti mbatatayi sinapoperedwe? Iye amangoyang'ana kukula kwake basi. Anandiyankha mwaulemu kuti nthaka yotopa imachira pang'onopang'ono, pa zaka zingapo. Zoona zimenezo. Koma chimene ana adzadye pa zaka zingapozo, palibe anachilemba pa pepala lalikulu lija. Tinaomba m'manja, n'kupita kukadya mpunga ndi nkhuku.

Chimene ndinapitira ku Tete, ngakhale sindinkadziwa, ndinachipeza panja. Madzulo amenewo amayi ena anayala zitenje pamthunzi, zosalembedwa pa ndondomeko, n'kumasula timapukusi tawo: nzama, khobwe, mapira, mawere, chitowe. Gogo wina wa ku Macanga anamasula mpango, ndipo mtima wanga unagunda. Chinali chimanga cha makolo, njere zolimba ngati mwala, zina zoyera, zina zofiira, zina zamawangamawanga.

Tinali nacho chimanga chimenechi. Nkhondo itatithamangitsira ku Dedza mu 1986, tinasiya nkhokwe yodzaza. Pobwerera mu 1993 tinapeza thengo lokhalokha, ndipo tinabzala mbewu imene anatigawira. Kuyambira apo n'kugula ya m'sitolo chaka ndi chaka. Imabereka, sindikana, feteleza akakhalapo. Koma anankafumbwe amaikonda, mumtondo imanyenyeka, ndipo ufa wake amayi sanauyamikepo ndi tsiku limodzi.

"Agogo, munachisunga bwanji chimenechi?"

"Mwanawe, ndinathawa nacho. Ndinachimanga m'chiuno, mwana ali kumsana."

Ndinapisa m'thumba. Anandigwira dzanja. "Bweza ndalama zakozo. Ukakolola udzagawireko mnzako." Anandithirira zodzaza manja awiri, ndipo popeza ndinalibe chotengera, ndinazikulunga m'pepala la ndondomeko ya msonkhano.

Nditafika kwathu ndinawaonetsa amayi satifiketi. Anaiyang'ana mozondoka n'kundibwezera. Kenako ndinamasula pepala lija. Anatola njere imodzi yofiira, naiika pa dzino, nailuma. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatchula dzina la agogo anga aakazi, omwe tinawaika m'manda ku Malawi kuja.

Tachibzala kuseri kwa phiri, kutali ndi chimanga cha m'sitolo kuti zisakwatirane ngayaye zikatuluka. Ndi mizere isanu ndi iwiri yokha, ndipo manyowa onse a mbuzi apita kumeneko. Mbatata ndikupoperabe, ndipo a gulu lathu ndinawauza zimenezo osabisa. Amayi, omwe miyendo inayamba kuwakana, amapita ku mizere ija m'mawa uliwonse ndi ndodo yawo ndi chitini cha phulusa, kukasuzumira mbozi m'mitima ya chimanga.