Mother's Day si yochapa, kapumuleni ku Chinyunyu

Azimai a mu Lusaka, tsiku lanu la Mother's Day mumalidya bwanji? Lamulo la Employment Code Act la mu 2019 lipatsa mzimai aliyense wapanchito tsiku limodzi pamwezi, kopanda kalata ya dokotala, kopanda kufotokozera bwana. Koma ambiri tsikuli limathera pa mabulangeti, pa Soweto Market na pa mzere wa ku banki. Thupi lili kulira, mwini wake ali busy.

Mwezi uno yesani zina. Lawirirani, tengani Great East Road, pitirirani Chongwe mpaka mulowe m'boma la Rufunsa, dziko la Asoli. Makilomita sakwana na 100. Pafupi chabe na mseu pali Chinyunyu, pamene madzi otentha atuluka okha pansi. M'mawa kukazizira, nthunzi imaoneka ngati pali wina waphika. Madziwa ni amvula amene analowa pansi patali, miyala yotentha inawafunditsa, ndipo abwerera kumwamba kupyolera m'ming'alu.

Pa kasupe penipeni osaika phazi, mungapse. Tsatirani kamtsinje kumunsi kumene madzi ayamba kupola, khalani, ikani mapazi. Foni ilowe m'chikwama. Pumani pang'onopang'ono. Pakapita mphindi zingapo mudzayamba kumva zimene phokoso la minibasi limabisa: mapewa olimba ngati thabwa, msana umene wakhala ukuwawa kuyambira Januwale, mutu wa masiku onse umene mumautseka pakamwa na Panado.

Anthu ambiri akhulupirira kuti madzi a Chinyunyu achiritsa, ena amabwera kudzapemphera. Kutentha kumamasuladi minofu, koma tisanamizane ai: kasupe si kiliniki. Ngati muli na pakati kapena BP, funsani anamwino musanalowe m'madzi otentha. Ndipo ngati mutakhala chete thupi lakukumbutsani za kabuthu m'bere, magazi obwera pakati pa mwezi, kapena kupweteka m'munsi mwa mimba kosatha, musabwerere kunyumba na botolo la madzi chabe. Kupima khansa ya khomo la chiberekero ni kwaulere m'makiliniki a boma, ndipo ikapezeka msanga imachiritsika.

Nyamulani chitenge, madzi akumwa na mnzanu mmodzi wosakonda zokamba maningi. Mabulangeti adzadikira Loweruka. Mother's Day ya mwezi wamawa, ku kiliniki.