Zaka Zisanu

Ndaphunzitsa sayansi ya zinenero kwa zaka zoposa makumi awiri, koma kumasulira kumene kunandigonjetsa kunachitikira m'kachipinda ka dokotala, nditakhala pakati pa mlendo wolankhula Chingerezi ndi achemwali anga odziwa Chichewa chokha.

Achemwali anali atachotsedwa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Tsikulo dokotala anabwera ndi zotsatira za chotupa chimene chinakapimidwa. Anafotokoza kuti madokotala amayang'ana kukula kwa chotupacho, ngati khansa yafalikira m'khwapa, ndiponso ngati imakula mothandizidwa ndi homoni yachikazi yotchedwa estrogen. Ya achemwali inali yamtundu womalizawu, ndipo imeneyo inali nkhani yabwino, pakuti khansa yotere imamva mapiritsi a tamoxifen, amene amaitsekera homoniyo njira. Anati azimwa piritsi limodzi tsiku lililonse kwa zaka zisanu. Kenaka anatchula liwu lakuti prognosis, nanenanso za zaka zisanu.

Ndinachita chidodo. Liwu loyamba kundibwerera linali "kulosera", koma kulosera ndi kwa aneneri ndi oombeza ula, amene amaona za munthu mmodzi, za iweyo. Ndinalikana. M'malo mwake ndinati, "Achemwali, akuti mwayi woti mufika zaka zisanu ndi waukulu." Iwo anavomera ndi mutu, namanga mpango wawo, tinatuluka.

Patapita miyezi inayi ndinakawazonda kumudzi. Botolo la mapiritsi linali pazenera, lodzaza pafupifupi kukamwa, ndipo mbuzi zawo anali atagawira kale ana.

"Si iwe wemwe unandiuza?" anatero. "Mankhwala zaka zisanu, moyo zaka zisanu. Nanga ndizivutikirenji ndi kutentha thupi usiku wonse?"

Cholakwa chinali m'mneni wanga. Kufika kuli ndi malekezero: munthu amafika kumene akupita, natula katundu. Pamene zaka zisanu za ofufuza si kumene wodwala akupita ayi. Ndi pamene iwo amaima n'kuwerenga, poti kafukufuku sangadikire mpaka kalekale. Amatsata amayi mazanamazana kuyambira tsiku limene anapezeka ndi matenda, ndipo nthawi yoikika ikakwana amafunsa kuti amoyo ndi angati. Yankho lake limanena za khamu la amayi ena, a dzulo. Ine ndinalisandutsa chiganizo cha munthu mmodzi, cha nthawi ya m'tsogolo. Wophunzira wanga akadalemba zotere ndikadamuchongera ndi cholembera chofiira.

Ndipo si onse amawerengera pa zisanu. Kafukufuku wa ABC-DO, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anatsata amayi oposa 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, ambiri mwa iwo powaimbira foni miyezi itatu iliyonse. Pakutha pa zaka zitatu, amoyo anali theka. Koma mwa amayi achizungu a ku Namibia amoyo anali pafupifupi 90 pa 100 alionse, pamene ku Zambia sanafike theka. Zina mwa zifukwa zikuluzikulu zinali kuchedwa kupezeka ndi matenda ndi kusalandira chithandizo chokwanira. Chiwerengero chotere chimasuntha malinga ndi zimene anthu achita, ndipo botolo lija pazenera linali kuchisunthira kolakwika. Ofufuza a ku Oxford, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri, anapeza kuti pa khansa yodalira estrogen, kumwa tamoxifen zaka zisanu kumachepetsa imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo phindulo limaonekabe pakatha zaka 15. Mankhwala amatha, chitetezo nkumapitirira.

Zonsezi sindinazinene pakhonde paja. Ndinawafunsa za kumunda.

"Achemwali, mukabzala mapando zana, pakatha sabata ziwiri n'kupita kukawerenga omera, kodi chimangacho chimauma tsiku lowerengalo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chiumirenji? Ndiye kumene chayamba kukula."

"Zaka zisanu za adokotala ndi tsiku lowerenga."

Sanayankhe. Anaitana mdzukulu kuti awapatsire madzi m'chikho, natenga botolo lija, nalipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje. Atameza piritsi anandicheukira.

"Nanga bwanji sunanene choncho tsiku lija, ndi masukulu ako onsewo?"