Khadi yokha siithetsa nkhondo ya chenji

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kumudzi, kunja kwa mzinda wa Blantyre, koma kwathu ndi ku Soche. Kumeneko kuli mayi anga ndi ana awiri a malemu mchemwali wanga, amene fizi ndi yunifolomu zawo zili pamutu panga. Mwezi uliwonse malipiro akalowa ndimakwera kabaza kuchoka pasukulu kukafika pamsewu wa tala, minibasi yokanditula ku Limbe, kenaka ina yolowera cha ku Kudya. Pa maulendo atatu amenewa palibe ngakhale umodzi womwe ndimadziwiratu mtengo wake ndisadanyamuke. Munthu wophunzitsa ana kuwerengera ndalama ndimalephera kuwerengera ulendo wanga womwe.

Onse okwera minibasi akudziwa zimene ndikunena. Mtengo wa m'mawa ndi wina, wa masana minibasi zikamasowa anthu ndi wina, wa madzulo pa Mibawa anthu akuweruka ndi winanso. Kukagwa mvula kapena mafuta akasowa, mtengo umakwera uli pamzere pomwepo. Chibwerereni ndalama ya K5,000 mu 2022, nkhani ya chenji ndiye yafika pena. Kondakitala amalandira n'kunena kuti "ndikupatsani kutsogolo," iwe n'kukhala ulendo wonse maso ali pa dzanja lake. Nthawi zina amakuphatikizani anthu awiri osadziwana pa ndalama imodzi kuti mukagawane nokha, minibasi n'kuliyatsa liwiro, inu n'kutsala pasiteji mukufunafuna wogulitsa nthochi woti akusinthireni.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atabwera kutchuthi adandionetsa kakhadi kamene amakwerera mabasi a Rea Vaya, omwe adayamba kuyenda mumzindamo mu 2009. M'kati mwa khadiyo muli kachipangizo kosunga chiwerengero cha ndalama. Umapita pamalo ogulitsira matikiti n'kuikamo ndalama, ndipo pokwera umangoigunditsa pa makina, makinawo n'kudula mtengo wa ulendo. Palibe kutsutsana, palibe chenji. Ndidasirira, koma nditamufunsa ngati amachita chimodzimodzi m'minibasi za kumeneko, adaseka. Adati m'menemo ndalama zimayendabe dzanja ndi dzanja kuchoka mpando wakumbuyo mpaka kwa dalaivala. Yankho limeneli ndi lomwe lidandichititsa kufuna kudziwa chifukwa chake khadi imagwira malo ena n'kukanika malo ena.

Ku London khadi ya Oyster idayamba mu 2003, ndipo mu 2014 mabasi a mumzindamo adasiyiratu kulandira ndalama zapamanja. Wina anena kuti kumeneko n'kwa azungu. Chabwino, tiyeni tibwere pafupi. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, khadi ya Tap&Go idayamba mu 2015 ndipo anthu adaizolowera. Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kampani ya Google pamodzi ndi Equity Bank adakhazikitsa khadi ya BebaPay mu 2013, koma pofika 2015 idali itatsekedwa. Mizinda iwiri ya mu Africa momwemuno, nzeru imodzi, zotsatira zosiyana.

Kusiyana kwake sikudali pa makina. Ku Kigali boma lidayamba lakonza kayendedwe: mu 2013 lidagawa misewu ya mumzinda kwa makampani atatu okha, ndipo mitengo imakhazikitsidwa ndi bungwe la boma. Khadi idapeza mtengo wodziwika ndi eni mabasi owerengeka. Ku Nairobi idapeza matatu, zomwe ndi minibasi zonga zathuzi, za eni ake ambirimbiri, momwe dalaivala ndi kondakitala amadyera pa ndalama zapamanja. Anthu amene adapatsidwa makina kuti awagwiritse ntchito ndi omwewo amene makinawo ankawalanda chakudya pakamwa.

Blantyre wathu akufanana ndi Nairobi. Minibasi zambiri zimayendera tageti: mwini galimoto amafuna ndalama yakutiyakuti madzulo aliwonse, mafuta agule okha anyamatawo, zotsala ndiye zawo. Tsiku lina ku Limbe ndidakumana ndi mnyamata amene ndidamuphunzitsa mpaka Fomu 4, pano ndi kondakitala. Adakana kundilipiritsa, ine n'kuumirira. Tikudikira kuti idzaze ndidamufotokozera za khadi ija. Adamvetsera bwinobwino n'kundifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, ndalama zonse zikamalowa kwa abwana, oitanira ndiwapatsa chiyani? Nanga ine ndiwo za lero ndigula ndi chiyani?" Ndidalibe yankho, chifukwa mnyamatayo alibe malipiro a pamwezi, alibe kalata ya ntchito, ndipo galimoto ikagona ku galaja naye amagona ndi njala. Za oitanira adanenazo si zachibwana. Boma lidaletsa kuitanira m'nthawi ya pulezidenti Bingu wa Mutharika, koma pitani pasiteji iliyonse lero mukaone ngati minibasi imanyamuka osasiya kenakake.

Ndiye pali mayi anga. Iwo amapikula tomato ndi masamba ku Limbe n'kumagulitsa pakhomo. Pokwera ndi dengu amayamba akambirana: la munthu ndi ili, la katundu ndi ili. Tsiku limene malonda sadayende amanena chilungamo kuti, "Mwanangu, ndapereweza," ndipo kondakitala amene amawadziwa amangoti, "Kwerani mayi, mudzandiona mawa." Makina sadziwa mawu amenewo. Ukapereweza K50, wapereweza basi. Komanso khadi imafuna kuti uyambe waikamo ndalama usadayende. Kwa ine wolandira pamwezi zimenezo n'zotheka. Kwa mayi anga, ndalama yogona m'khadi ndi mpamba womwe ukadagula mulu wina wa tomato. Nditawafotokozera adangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ife a ku Soche tili ndi chifukwa chinanso chosathamangira kutaya ndalama zapamanja. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manje, magetsi adazima kwa masiku, mafoni adathima, netiweki inkabwera n'kumapita. Ndidachoka kusukulu kudzafuna abale anga ndi timapepala ta ndalama tonyowa m'thumba, ndipo ndi timeneto tidandifikitsa. Njira iliyonse yolipirira imene ingabwere iyenera kugwira ntchito ngakhale tsiku loipitsitsa, chifukwa ndi tsiku limenelo pomwe munthu amafunitsitsa kuyenda.

Musandimve ngati ndikukana chitukuko. Amalawi si alendo pa zolipiriratu. Magetsi timagula mayunitsi, madzi m'nyumba zambiri za mumzinda ndi chimodzimodzi. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo lero agogo akumudzi amalandira thandizo la ana awo pafoni. Ngakhale m'minibasi, makondakitala ena amavomera kuti uwatumizire pafoni ukasowa zapamanja, kungoti amakuuza kuti uwonjezere yotapira, ndiye ulendo umadula kuposa wa mnzako wolipira pamanja. Izi zikusonyeza kuti anthu ndi okonzeka, koma safuna kulangidwa chifukwa chosiya ndalama zapamanja.

Ndipo monga mphunzitsi ndikuona phindu limodzi lalikulu. Mdzukulu wa mayi anga wamkazi ali Fomu 2 ndipo amakwera minibasi popita kusukulu. Ndikatumiza ndalama yoyendera ya mwezi wonse, imathera pakati pa mwezi, osati chifukwa cha kusakaza, koma chifukwa mtengo wasintha kapena pakhomo padasowa ufa n'kubwerekako. Masiku otsalawo amayenda pansi, kufika mochedwa, kapena kujomba. Choopsa kwambiri n'chakuti mtsikana wosowa yokwerera ndi amene amamva mawu akuti "kwera ulere," ndipo ife aphunzitsi tikudziwa kumene ulere umenewo umathera. Pasukulu pathu tataya atsikana anzeru chifukwa cha maulendo aulere a pakabaza. Khadi ya mwana wasukulu, yokhala ndi mtengo wotsika ndi wokhazikika, imene ndingathe kuikamo ndalama ndili kumudzi ndipo singagule china koma ulendo, ikadandichotsera nkhawa imeneyi. Eni minibasi nawo akadadziwa ndalama zenizeni zimene galimoto yawo imapanga, umboni womwe angapite nawo kubanki pofuna ngongole yogulira basi yaikulu.

Funso tsono ndi lakuti tiyambire pati. Akuluakulu amatikumbutsa za mabasi a UTM, amene kampani ya Stagecoach idawagula mu 1989 ndipo pambuyo pake adadzakhala Shire Bus Lines. Ndili mwana bambo anga ankandipatsa tikiti kuti ndiisunge, n'kundiopseza kuti insipekitala akakwera ndikaisowetsa atitsitsa. Mabasi aja adali ndi mavuto awo, koma mtengo udali umodzi kwa aliyense, ndipo kondakitala adali wantchito wolandira malipiro. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zomwe khadi imafuna, ndipo ndi zomwe tidataya.

Choncho ndikupempha khonsolo ya mzinda wa Blantyre, unduna wa zamtengatenga ndi bungwe la eni minibasi la MOAM kuti ayambe ndi zosafuna makina. Mtengo wa msewu uliwonse ulembedwe pasiteji ndi pachitseko cha minibasi, ndipo ukasintha alengeze. Madalaivala ndi makondakitala akhale ndi mgwirizano wolembedwa ndi malipiro odziwika, kuti makina akadzabwera asadzawaone ngati mdani. Zikatero ayesere pamsewu umodzi, monga wa Limbe kupita ku Blantyre, kwa miyezi ingapo, ndalama zapamanja zikulandiridwabe. Munthu aziloledwa kuikamo ngakhale ya ulendo umodzi wokha, kudzera pafoni yamabatani kapena kwa ejenti wapafupi, popanda kudulidwa kanthu. Khadi ikatayika, ndalama zake zisatayikire limodzi. Ndipo ikhale khadi imodzi yogwira m'minibasi zonse, osati kampani iliyonse ndi yakeyake mpaka chikwama kudzaza makhadi opanda kanthu.

Asaiwalenso ife akumudzi. Kumene ndimaphunzitsa, foni timakatchajitsa pa sola ya kugolosale, netiweki timaipeza pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ejenti amatha sabata akunena kuti alibe ndalama. Dongosolo lopangidwa ndi anthu amene amayenda pagalimoto zawozawo likhoza kuoneka bwino pa Victoria Avenue n'kukhala chipsinjo kwa mlimi wobwera ndi nkhuku zake kudzagulitsa mumzinda. Pokonza zimenezi pakhale mpando wa kondakitala, wa mayi wa geni, wa mwana wasukulu ndi wa munthu wakumudzi.

Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna ulendo wopanda mkangano, tivomerenso ntchito yovuta yokhazikitsa mitengo ndi kulemba anyamata aja ntchito yeniyeni. Tikadumpha zimenezo, tidzagula makina okwera mtengo, nduna idzadula riboni, ndipo pakatha mwezi kondakitala adzatiuza kuti makina afa, tilipire pamanja.