KU GEORGE KULIBE MTSINJE, KOMA SITATA YA BWATO IMAFIKAKO

Mlendo wocokera kumudzi akafika mu Lusaka napyola Matero, amalowa m'komboni ya George, imene ena amaicha Mwaziona. Dzina la George linacokera kwa mwini malo wakale, George Hadjipetrou, amene anali kuumbitsa njerwa pamenepo. Anthu anamanga nyumba zao popanda cilolezo, kufikira m'caka ca 1974 pamene Boma, ndi ngongole ya World Bank, linayamba nchito yokonza makomboni, kulambula miseu ndi kuika mipopi ya madzi. Mabanja amene nyumba zao zinagwetsedwa kuti mseu upite anapatsidwa malo ku Lilanda.

Kumeneku kulibe mtsinje kapena nyanja. Madzi ambiri amene anthu amaona ndi a mvula, odzaza m'tinjira nthawi ya dzinja. Koma nsomba za ku Kafue ndi ku Itezhi-Tezhi, pamodzi ndi kapenta wa ku Siavonga, zimadza ku misika ya Lusaka, ndipo njira yodzera nsomba ndi yomweyo imadzera zitsulo zodwala. Injini ya bwato ikakana kulira, msodzi amamasula sitata, naikulunga m'thumba, nakwera basi. Amisiri a magetsi a galimoto, ogwira nchito pansi pa mthunzi wa malata, sacita nayo cilendo, pakuti sitata ya bwato ndi ya galimoto n'zapacibale.

Mmisiri wodziwa nchito sathamangira sipanala. Ayamba wafunsa kuti pamene kiyi inapotozedwa kunamveka ciani. Ngati kunali zii, kawirikawiri giya inali yolowa, cifukwa injini zambiri zinapangidwa kuti zisalire giya isanamasulidwe. Apo ayi, fyuzi inapsa. Ngati kunamveka kuti ke-ke-ke mofulumira, batire yafooka. Batire ya mavoluti 12 ikakhala yodzaza imaonetsa 12.6 pa mita, ndipo yotsika kwambiri imangogwedeza solenoidi, kabokosi kotsegulira moto waukulu, osatha kutembenuza injini.

Apa m'pamene ulendo wa asodzi ambiri umaonekera kuti unali wacabe. Mmisiri amagwiriziza sitata pa thabwa, nailumikiza ku batire yabwino, ndipo iyo imazungulira bwino lomwe. Matenda anatsala ku doko. Mawaya a bwato amakhala m'cinyezi usana ndi usiku, motero pa mitu ya batire pamamera zoyera zonga ufa, ndipo mkuwa wa m'waya umasanduka wobiriwira mkati mwa mphira, mmene diso siliona. Waya wotere amatentha munthu akayesa kuliza. Kupala mitu ya batire ndi sandipepa, kumanga zolimba ndi kupaka girisi pang'ono kukadapulumutsa ndalama ya basi ndi masiku awiri a usodzi. Pomasula batire, woyamba kucotsedwa ndi waya wakuda, ndipo botolo la petulo likhale kutali, cifukwa kamoto kamodzi kothetheka n'kokwanira kupsereza bwato.

Ziripo nthawi zimene sitata ndiyo yolakwadi. Ikamazungulira ndi mluzu koma injini ili cete, ndiye kuti kagiya ka pamutu pake kagwidwa ndi dzimbiri ndipo sikakwera kukaluma mano a gudumu lalikulu. Amakatsuka ndi kudontheza mafuta opepuka pa mzati wake. Ikamazungulira mwaulesi, kapena ikamalira pokhapokha aigogoda ndi cigwiriro ca nyundo, mabulashi a mkati atha. Amaika atsopano, napukuta mphete ya mkuwa imene mabulashiwo amakhudza. Kugogoda kwambiri kumaswa maginito a mkati, ndipo sitata yotero sicira. Yonunkha kupsa inaphedwa ndi mwini wake, amene anaumirira kiyi kwa nthawi yaitali m'malo moipumitsa pakapita masekondi 10.

Cimene citsulo ici cimaopsera n'cakuti cimafera pa madzi. Pa Kariba, amene damu lake linatha kumangidwa mu 1959, mphepo imautsa mafunde aakulu, ndipo pa Kafue bwato loyandama lokha limalowa m'malo a mvuu. Injini zazing'ono kwambiri ziribe sitata, zimalira ndi cingwe. Zambiri zokulirapo zirinso ndi malo okulunga cingwe pamwamba pa gudumu lija, pansi pa civundikiro, koma asodzi ena amamva za malowo tsiku limene afika ku George ndi thumba m'manja.