Nsungwi za kwa Zingalume ndi Alendo a ku Chipata

Ndimaluka malichero, nsengwa ndi madengu kuno kwa Zingalume, m'boma la Chadiza. Nsungwi ndimadula yokhwima, m'chilimwe, chifukwa yanthete imafumbwa msanga. Ndikaiwaza ndimapala timizere mpaka tisalale, n'kutiyanika pamthunzi, ndipo tsiku loluka ndimativiika m'madzi kuti tisathyoke popinda. Mmisiri amadziwika ndi mkombero: ukamangidwa mwaulesi, lichero limamasuka chaka chisanathe.

Kale ogula ambiri ankachokera ku Chipata. Ankatenga tinsengwa ting'onoting'ono n'kukagulitsa m'malo ogona alendo, makamaka kwa azungu opita ku Mfuwe kukaona nyama za ku South Luangwa. Covid-19 itafika m'Zambia mu March 2020, anthu aja anasowa. Mwambo wa Kulamba ku Mkaika sunachitike mu 2020 ndi 2021, ndipo kumeneko n'kumene ife amisiri timapezera ndalama ya feteleza.

Anatisunga ndi amayi a m'midzi yathu yomwe ino. Matenda akhalepo kapena ayi, chimanga chokonola chimafuna kupeta. Ankabwera ndi mbale ya mtedza kapena chitini cha chimanga n'kunyamula lichero. Amenewa sapusitsika, amalipinda, amaligogoda, amaliyang'anitsa kumkombero asanalipire.

Kulamba kutayambanso mu August 2022, Achewa a ku Malawi ndi Mozambique anabweranso kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo katundu wanga anatha dzuwa lisanapendeke. Ku Chipata nako alendo anayambanso kugona, ogula aja n'kutulukiranso panjinga zamoto. Ndinakondwa, sindibisa. Koma amafuna tating'ono, topaka utoto, tolowa m'chikwama cha pandege, ndipo amatchula mtengo wakale ngati kuti sopo ndi mchere sizinakwere. Sadziwa kuti kansengwa kakang'ono kamadya nthawi kuposa dengu, pakuti timizere take n'topyapyala ndipo timacheka zala. Zimandiwawa kumva kuti mzinda wadzuka pamene woluka akulandirabe zomwe ankalandira matenda asanabwere.

Tsopano ndimayamba ndamaliza malichero a amayi a kuno, za alendo pambuyo. Wa ku Chipata akafika ndimamuuza mtengo wanga, ndipo akakana ndimasunga katunduyo kudenga la khitchini, kumene utsi umamuteteza ku anankafumbwe, mpaka Kulamba kwa chaka chimenecho.